Musandithawe Ndili ndi Pakati, Bwana

Doko la Nyambalo,
M'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh,
Chikwawa.
14 Disembala.

Kwa Bwana Mkulu wa Pulojekiti ya Umoyo M'thumba,
Kulikonse kumene kalatayi ikupezeni muli pamthunzi.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndagwada, chipewa chili m'manja. Ndine munthu wamng'ono kwambiri woti ndilembere ofesi ngati yanu, ndipo ndikudziwa kuti pepalali likununkha mlamba, chifukwa tebulo langa lolembera ndi thandala lomwelo loyanikapo nsomba. Mundikhululukire. Dzina langa ndine Sebastiano Alufandika, msodzi, wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, wandevu zaimvi. Malinga ndi makina anu, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndikuyembekezeka kuchira kumapeto kwa Januwale.

Sindikutsutsa. Makina a anthu ophunzira sanganame. Chimene chandigwiritsa cholembera ndi uthenga umene munanditumizira Lolemba lapitali, wondidziwitsa kuti pa 31 Disembala pulojekiti yanu ikutseka, nambala yaulere yoimbira anamwino isiya kugwira ntchito, ndipo mukundithokoza potenga nawo mbali. Bwana, mbali imene ndinatengayo sinathe. Pakhomo panga pali munthu amene moyo wake watsamira pa nambala imeneyo. Koma ndisathamangire kudandaula ngati munthu wosaleredwa. Ndiyambe ndi kuthokoza, ndipo zothokozazo ndaziika m'manambala monga mmene mumakondera kumaofesi.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha fomu yanu yokhala ndi kabokosi kamodzi kokha ka nambala ya foni. Ndi fomu yaukhondo, yosawononga inki. Amene anaikonza anaganiza bwino kuti mayi aliyense kuno ali ndi foni yakeyake m'chikwama. Pakhomo panga foni ndi imodzi, ndipo ndi yanga, yoimbirana ndi ogula nsomba. Mwini pathupi weniweni ndi mpongozi wanga Jesinta, mkazi wa mwana wanga Golden. Golden anapita ku Joni mu Juni kukafuna maganyu. Anatenga foni yake, koma analemba nambala yanga pachikuto cha buku la kuchipatala la mkazi wake kuti mwina mwake. Jesinta atapita kukayamba sikelo mu Ogasiti, mlembi wanu anafunsa nambala, iye n'kungotambasula buku. Basi, mimba inasamukira kwa ine.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha liwiro lanu pofalitsa nkhani. Kwathu kuno nkhani ya pathupi imayenda pang'onopang'ono ngati bwato lodzaza. Mtsikana amanong'oneza azakhali, azakhali amakauza amayi akuluakulu, ndipo bambo wa pakhomo amamva pomalizira, nayenso n'kumachita ngati sanamve. Inu mwatiphunzitsa njira yachidule.

Foni yanga inagwerapo m'madzi kawiri, ndiye siidziwanso kunong'ona, imangofuula. Tsiku limene uthenga wanu woyamba unafika inali pa sola ya Ethel, mayi amene amatitchajira mafoni padoko. Itaitana, Ethel anaidina kuti andithandize popeza manja anga anali m'matumbo a nsomba. Pamenepo mayi wa mawu okoma analengeza kwa asodzi, ogula nsomba ochokera ku Limbe, akabaza ndi agalu onse a padoko kuti: "Moni mayi. Tikukufunirani mafuno abwino. Muli pa sabata la khumi ndi chisanu ndi chimodzi. Mwana wanu tsopano ndi wamkulu ngati peyala."

Ethel anakweza foniyo m'mwamba n'kufunsa kuti ndi ya ndani, ngakhale amaidziwa bwinobwino poti ndi yokhayo yomangidwa ndi mphira. Mnzanga Simoni, amene takhala tikuponya limodzi ukonde zaka makumi atatu, anavula chipewa n'kunena mosakaniza ndi Chisena kuti, "Shamwali, ife kukhala nawe m'bwato limodzi chaka chonse, nkhabe kutiuza? Mwini wake mbani?"

Kuyambira tsiku limenelo sindinasowepo mpando. Ndikafika padoko amuna amadzuka kuti mayi akhale. Akabaza amandifunsa ngati ayende pang'onopang'ono pamabampu. Simoni amandibweretsera bwemba m'thumba, akuti mwina ndikulakalaka zowawasa, ndipo sandilola kunyamula dengu. Ulemu umene sindinaupeze m'zaka zonse za usodzi ndaupeza ndi uthenga umodzi wa ofesi yanu.

Ine ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Koma Jesinta sanaseke. Madzulo omwewo amayi a pamjigo anali atawerengera kale kuti pakhomo pa Alufandika munthu woti n'kukhala ndi peyala m'mimba ndi mmodzi yekha. Chinsinsi chimene amachisunga kuti akauze kaye amayi ake chinamupeza chili kale pakamwa pa mudzi. Anakhala masiku awiri osatuluka m'nyumba. Zimenezo zinandipweteka, Bwana, ndipo ndinatsala pang'ono kuiponya foniyo m'madzi kachitatu, ulendo uno mwadala.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha mabatani. Ndinayesa kukonza cholakwikacho, musandiyese waulesi. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa doko, pamene ndi pokhapo netiweki imatera bwino kuno, n'kuimba nambala yanu yaulere. Mayi uja anati ndidine 1 ngati ndikufuna izi, 2 ngati ndikufuna izo. Ndinadikira batani lonena kuti ine ndine mwamuna, koma silinabwere. Ndinadina 2 mongoyesa, ndipo kwa masabata awiri mimba yanga inayenda m'Chingerezi. Nditabwerera ku Chichewa ndinafunafuna batani la Chisena, poti Jesinta kwawo ndi ku Marka ndipo nkhani ikakula amaimva bwino m'Chisena. Ndikukhulupirira kuti batanilo lilipo, kungoti chala changa n'chachikulu.

Tsiku lina ndinadina ziro chifukwa cha mkwiyo, ndipo anayankha munthu weniweni, wopuma mpweya, namwino wotchedwa Sisitala Hannah. Nditamufotokozera anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati kusintha dzina m'makina kumafuna kalata yochokera kulikulu, ndipo kalata ya kulikulu ingadzafike mwana akukwawa. Anati ngati mwini pathupi ali pakhomo panga ndizisiye choncho, ndizingomuuza zimene mauthenga akunena. Kungomuuza! Anthu a m'tauni mumanena zinthu zikuluzikulu ndi pakamwa popepuka.

4. Ndisanafike pamenepo, ndithokoze malangizo. Munandilangiza kuti ndizidya nsomba kosachepera kawiri pa sabata. Ndinawerenga uthengawo ndili pakati pa milamba mazana awiri, ndipo ndinaona kuti boma la nzeru lilipodi. Munandilangiza kuti ndizipuma pamalo ozizira. Uthenga umenewo unafika mu Okutobala, masana, nthawi imene ngakhale abuluzi amayenda monyang'ama pamchenga wathu. Malo ozizirawo tikuwafunabe, mukawapeza mutitumizire. Munatinso ndikamva kupweteka ndikwere galimoto. Galimoto yomaliza kufika kuno inali yanu yomwe, tsiku lodzakhazikitsa pulojekiti, ndipo inatitimira pakhwawa mpaka tinaikankha ndife.

Koma pena munandigwira pakhosi, ndivomere. Munanena za masikito. Masikito a pakhomo panga ndinali nditawapatsa ntchito ina kudambo, imene sindiitchula m'kalata yopita kuofesi. Ndinakawatenga, ndinawachapa, ndinasoka mabowo, n'kuwasiya pakhomo la nyumba ya Jesinta osanena kanthu. Mmawa mwake ndinawaona kudzera pazenera atapachikidwa.

5. Tsopano ndifike pogona nkhani, ndipo apa ndithokoze m'malo mwa mbuzi yanga.

Kwathu mpongozi ndi munthu woopedwa. Ine ndi Jesinta sitikhala pamkeka umodzi, sitiyang'anana m'maso, ndipo tikakumana panjira mmodzi amapatuka. Akamandipatsa madzi amagwada cha uko, ine n'kuyang'ana pansi. Tsono munthu amene kupitirira moni sindingamufunse kanthu, ndikamuuze kuti aziwerenga kangati mwana akugunda m'mimba? Mkazi wanga Agnesi akanakhalapo ikanakhala ntchito yake, koma anatisiya kalekale. Mlongo wanga Juliana ali tsidya kwa Katunga, amayi a Jesinta ali ku Marka. Ndinayesa kusiya foni pamtondo kuti Jesinta aipeze yekha. Inabwerera ili m'mbale, yovindikira ndi kansalu, ngati chakudya cha alendo. Ndiponso sukulu anailekeza mu Sitandade 2 chaka chimene madzi anakokolola makalasi, ndiye tizilembo tanu ting'onoting'onoto timamuvuta.

Ndinaganiza masiku atatu. Ndili ndi mbuzi yaikazi, yoyera, imene ndimamangirira pamtengo wa nimu pafupi ndi mpanda wa bango, ndipo kuseri kwa mpandawo n'kumene Jesinta amasinjira ndi kuphikira. Ndinafufuza m'mutu mwanga miyambo yonse imene anandiphunzitsa akuluakulu, ndipo sindinapeze ngakhale umodzi woletsa munthu kulankhula ndi mbuzi yake.

Choncho Lachiwiri lililonse ndikabwera kudoko ndimakhala pachitsa, ndimatsokomola kawiri, ndiyeno ndimawerengera mbuzi uthenga wanu mokweza, m'Chichewa, kenako m'Chisena. Kuseri kwa mpanda musi umaleka kugunda. Ndikamaliza umayambiranso. Jesinta akakhala ndi funso amafunsa nkhuku zake, ine ndimamva, mawa lake ndimakwera pachulu kukafunsa Sisitala Hannah, n'kudzayankha mbuzi. Umu ndi mmene ukadaulo wanu wamakono wayendera pakhomo pano: kuchokera ku makina kupita pachulu, pachulu kupita kwa msodzi, msodzi kwa mbuzi, mbuzi kwa mayi. Palibe amene wachita manyazi, ndipo palibe uthenga umene watayika.

Mbuziyo yamvera malangizo onse mosajomba, m'zilankhulo ziwiri. Mwezi watha yaswa ana awiri athanzi. Ndikupempha kuti muilembe mu lipoti lanu, chifukwa ndamva kuti mumafuna manambala a opindula.

6. Chachisanu ndi chimodzichi ndikuthokoza popanda kuseka.

Ulemu umene umandiletsa kuyang'ana mpongozi kumaso umandisiyira mapazi ake. Mapazi a Jesinta ndimawadziwa kuposa nkhope yake. Amavala mapatapata obiriwira amene Golden anamugulira asanapite. Chakumapeto kwa Novembala ndinaona zingwe za mapatapatawo zikulowa m'mnofu. Patapita masiku atatu anandibweretsera madzi alibe mapatapata, akuponda mchenga wotentha uja ndi mapazi okhaokha, ndipo mapaziwo anali atatupa mpaka akakolo osaoneka. Manja amene anagwira chikho nawonso anali otupa.

Lachiwiri lake uthenga wanu unati mayi akatupa mapazi, manja ndi nkhope, mutu ukamamupweteka kwambiri, maso akamachita chidima, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinauwerenga ndili pachulu.

Bwana, mapazi otere ndinawaonapo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo Agnesi anali ndi pakati pa mwana wathu womaliza, ndipo anatupa chimodzimodzi. Anthu anati ndi chizindikiro cha mwana wamkulu, wamwamuna, ndipo ine ndinakondwera, n'kumadzitama padoko. Panalibe wotiuza. Tsiku lina masana anagwa n'kuyamba kuphupha. Ndinapalasa bwato monga sindinapalasepo, koma tinafika tsidya ndili ndekha wamoyo m'bwatomo. Golden anali ndi zaka zisanu. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikudzifunsa kuti munthu mmodzi yekha akanangonditsina khutu, kodi bwenzi lero ndikudya ndekha?

Ndinathamanga kunyumba, ndinakhala pachitsa, ndinatsokomola kawiri, n'kuwerengera mbuzi. Kuseri kwa mpanda kunalibe musi woti uleke kugunda. Jesinta anali atagona pamkeka, masana. Ndinawerenganso, m'Chisena. Zii. Ndinawerenga kachitatu mokuwa mpaka mbuzi inadzuka n'kuzungulira mtengo. Nkhuku sizinafunsidwe kanthu. Ndinadziwa chimene chinali mumtima mwake: mwana wa eni, pamudzi pa eni, mwamuna ali kutali, angayambe bwanji kuvutitsa apongozi kuti amunyamule?

Ndinaimirira, ndinavula chipewa, ndinayang'ana mpanda. Ndinati, "Apongozi, lero sindikunena ndi mbuzi. Ndikunena ndi inu. Mapazi anu ndawaona. Mutu ukupweteka?"

Kenako kuseri kwa bango kunamveka mawu aang'ono: "Ukupweteka, ababa. Kuyambira dzana. Na maso akuchita mdima."

Ndinabwerera pachulu ndikuthamanga, munthu wa zaka zanga. Ndinadina ziro. Sisitala Hannah sanaseke tsiku limenelo. Anandifunsa mafunso anayi, n'kunena kuti tisadikire mawa, tinyamuke pomwepo, iye aitana njinga yamoto ya ambulansi kuti ikatidikire tsidya la khwawa. Simoni atandiona nkhope sanafunse za bwemba. Anatenga nkhafi yake n'kukhala kutsogolo. Tinapalasa awiri, Jesinta ali pakati, Ethel atamugwirira ambulera, ine ndikuyang'ana madzi kuti ndisayang'ane mpongozi. Njinga ija tinaipezadi ikudikira.

Kuchipatala anati magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo tikanachedwa masiku awiri bwenzi tikunena zina. Anamugoneka masiku asanu, anamupatsa mapilitsi, n'kumubweza kunyumba. Mapatapata obiriwira aja ayambanso kulowa. Tsiku limene ndinawaona akubwera ndi chikho cha madzi, ndinapita kuseri kwa khola n'kukalira ngati mwana.

Mlongo wanga Juliana atamva anawoloka kudzandikalipira kuti ndachita zachilendo, mwamuna wamkulu kufunsa mpongozi za thupi lake. Ndinavomera mlandu, ndinapepesa ndi nkhuku, ndipo anaidya yonse akukalipabe. Ponyamuka anandikokera pambali n'kunena kuti, "Wachita bwino, koma usazolowere." Sindinazolowere. Lachiwiri lotsatira ndinabwerera kwa mbuzi.

Apa manambala andithera, Bwana, ndiye ndingolankhula.

Mutandifunsa ngati foni yanuyi ndimaikonda, sindingayankhe ndi mawu amodzi. Inachititsa manyazi mwana wa eni pamaso pa mudzi. Inandisandutsa choseketsa cha doko. Inandilankhulitsa mawu amene bambo anga sakanawalankhula ngakhale atawaopseza ndi mkondo. Ndi foni yomweyo imene inandiuza zimene palibe anandiuza nthawi ya Agnesi. Mmawa ndimaitukwana, masana ndimaipukuta ndi malaya. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matopewo ndawaponda, sindikukana.

Si ine ndekha. Simoni amanena poyera kuti makina anu ndi kazitape, amatenga mawu a anthu n'kukawasunga kunja, ndipo iye nambala yake sangaipereke ngakhale atadwala chotani. Koma sabata yatha ananditsatira pachulu, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Shamwali, ukamaliza zako za mimbazo, umufunseko sisitala wakoyo za munthu wina wake amene akuvutika pokodza." Munthu wina wakeyo ali ndi zaka ngati za Simoni, ndipo amakhala m'nyumba ya Simoni. Ethel wafunsitsa za chifuwa cha amayi ake. Pofika lero m'mabuku anu ndiyenera kuti ndine mayi woyembekezera wodwala kwambiri m'boma lonse la Chikwawa. Onse amaiseka nambala yanu padoko, ndipo onse amaidziwa pamtima.

Ndamva pa wailesi kuti mukonza mwambo wotsekera pulojekiti ku hotela ina mumzinda, kukondwerera kuti zonse zayenda bwino. Ndikukufunirani chisangalalo. Mudye bwino, ndipo pakakhala nsomba mukumbukire kuti ndi kawiri pa sabata. Ndamvanso kuti iyi inali pulojekiti yoyeserera chabe, yongoona ngati zingatheke. Ndikuthokoza potiyesererapo. Kungoti Jesinta sakuyeserera, Bwana. Mimba yake ndi yeniyeni.

Ndikuuzeni mmene masiku akhalira, poti kalendala ya kuofesi siionetsa madzi. Achipatala anati Jesinta akalowe kuchidikiro pa 15 Januwale, osati msanga, chifukwa nyumbayo ndi yaing'ono ndipo amayi amagona mopanikizana. Mpaka tsikulo ali kuno, akumwa mapilitsi, ndipo Sisitala Hannah amandiimbira Lachiwiri ndi Lachisanu kufunsa za mutu, za maso ndi za mapazi. Za mapazi ndimayankha ndekha, zinazo ndimadzera kwa mbuzi. Iye ndi amene amadziwa nthawi yoti tinyamuke, ndiponso ndi amene amaitana njinga ija. Inu mukutseka pa 31 Disembala. Pakati pa tsiku lanu ndi tsiku la achipatala pali masabata awiri, ndipo ndi masabata amene mvula imagwa kumapiri, madzi n'kutsikira kwa ife, khwawa n'kusanduka mtsinje, njira ya kabaza n'kusowa. M'masabata amenewo namwino yekhayo wa tsidya lino amakhala m'thumba la malaya anga. Inu mwalemba kuti mumuchotsamo.

Sindikupempha galimoto, Bwana. Sindikupempha mlatho, ngakhale batani la Chisena ndalikhululukira. Mwina amene amakupatsani thandizo atopa, ndipo munthu wamng'ono ngati ine sangadziwe zolemera zimene mumasenza pamipando yofewayo.

Koma kwathu kuno pali mwambo umodzi umene ndikuganiza kuti ngakhale mumzinda ulipo. Mwamuna akapereka mimba sathawa mwezi wachisanu ndi chitatu. Akathawa, ankhoswe amamulondola mpaka kwawo, ndipo dzina lake limanunkha kuposa pepala ili. M'mabuku anu mimbayi ndi yanga. Sindinaipemphe, munandipatsa ndinu, pamaso pa mboni zodzaza doko. Ndaisenza miyezi inayi osadandaula, ndamwa madzi ambiri monga munanenera, ndagona chammbali. Simoni wadzipereka kale kukhala nkhoswe, ndipo akuti adiresi yanu aifunsa.

Choncho pempho langa, modzichepetsa konse, ndi ili: isiyeni nambalayo iziyankha mpaka mwanayu alire. Akalira, tsekani, kadyeni ku hotela, ndipo ine ndidzakwera pachulu n'kukuimbirani m'manja mpaka netiweki ithawe.

Ngati zimenezi n'zosatheka, ndikumvetsa, ndipo ndili ndi kapempho kena kakang'ono. Uthenga wanu wa Lolemba uja sindinaufikitse. Ndi woyamba umene ndaubisa. Lachiwiri ndinakhala pachitsa, ndinatsokomola kawiri, musi unaleka kugunda, ndipo ndinauza mbuzi kuti sabata ino netiweki inavuta. Ndiye mubwere nokha pa 1 Januwale. Mukafika pakhwawa Simoni adzakuwolotsani, chitsa chilipo, mpanda ndi womwewo. Mudzamuuze Jesinta ndi pakamwa panu kuti mukumuthokoza potenga nawo mbali. Ine mawu ovuta ndinanenapo kamodzi, ndipo ndinapepesa ndi nkhuku. Awa okha sindingawanene, ngakhale kwa mbuzi.

Takhuta, Bwana, monga timathokozera m'Chisena. Ndatsala ndili chogwada, ngakhale pa msinkhu umene mimba yafikapa kudzuka kumavuta.

Ine wanu woyembekezera,

Sebastiano Alufandika,
Msodzi,
Sabata la makumi atatu ndi chinayi.